Mbiri ya Inkosi Philip Gomani II ndi Nkhondo ya Malimidwe

Aphunzitsi athu atatiuza kuti aliyense wa ife alembeko kanthu m'kabuku kathu ka chaka chino, ine ndinasowa pogwira, pakuti ndakatulo sindizitha, ndipo za mpira anzanga ena alemba kale. Koma pa tchuthi chapitachi ndinali kwathu kufupi ndi Lizulu, ndipo tsiku lina mmamawa, ndiri kuthandiza agogo anga aakazi kusosa m'munda wathu wa pamtsetse, tinafika pa chigwembe chimene chakhala chiri kudya munda umenewo chaka ndi chaka. Ndinawafunsa chifukwa chake makolo athu sanaike milambala kumtunda kuti madzi asamathamange chotero. Agogowo anaika khasu pansi nandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo anandiuza kuti milambala inalipo, koma eni minda anaigumula okha m'chaka chimene Inkosi Gomani anathawira ku Chipwitikizi. Nkhani imeneyi inandisowetsa tulo. Ndinafuna kudziwa kuti zinatheka bwanji kuti mfumu imene tonse timaitama iuze anthu ake kuti aleke chinthu chimene aphunzitsi athu a zaulimi amati nchabwino. Tsono zimene ndapeza pofunsa akuluakulu ndi powerenga, ndizo ndiri kukupatsirani pano, anzanga.

Kuti timvetse bwino za munthu, nkoyenera kuyamba ndi makolo ake. Angoni a kwa Maseko anachokera kummwera kwa Africa m'masiku a nkhondo za Shaka. Anawoloka Zambezi, napitirira mpaka ku Songea m'dziko limene lero timati Tanzania. Mfumu yawo Mputa itafera komweko, Chidyaonga anabwerera nawo kuno, ndipo cha m'ma 1870 anakhazikika ku phiri la Domwe, limene tsopano liri m'dziko la Mozambique. Atamwalira Chidyaonga ufumu unapita kwa Chikuse, mwana wa Mputa, ndipo Chikuse atamwalira m'chaka cha 1891 analowa mwana wake Gomani, amene timamutchula kuti Gomani woyamba. M'chaka chomwecho cha 1891 Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana za malire awo, ndipo malirewo anadula dziko la Angoni pakati monga munthu adula nsima. Nchifukwa chake kufikira lero pa msika wa Lizulu munthu akangowoloka msewu ndiye kuti walowa m'dziko lina, ngakhale anthu a mbali zonse ziwiri ndi pachibale.

Gomani woyamba sanakondwere poona anthu ake ali kupita kukagwira ntchito kwa Azungu ndi kukhoma msonkho kwa iwo. M'chaka cha 1896 ankhondo ake anathira nkhondo midzi ina yoyandikana ndi mishoni ya ku Dombole, ndipo Boma la Angerezi linatumiza asilikali amene anamugwira. Akuluakulu amasimba kuti ali pa ulendo womutengera ku Boma, iye anakana kuyendanso pansi womangidwa ngati kapolo, motero anamuwombera ndi mfuti pa 27 October 1896. Manda ake ali pakati pa Dombole ndi Chiole, ndipo ambiri a ife tawaonapo. Pa nthawiyo mwana wake Zintonga, amene anabadwa cha m'ma 1893, anali kamwana ka zaka zitatu. Kamwana kameneka ndiko kanadzakhala Inkosi Philip Gomani II. Ndikamaganiza za moyo wawo sindiiwala chimenechi, kuti Boma limene anadzagwira nalo ntchito zaka zoposa 30 ndi lomwe lija linapha atate awo.

Atafa Gomani woyamba ufumu wa Angoni unabalalika, ndipo kwa zaka zambiri panalibe mfumu yaikulu yodziwika ndi Boma. Zintonga anakula m'masiku ovuta amenewo. Anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, nakhala Mkhristu, natenga dzina lakuti Philip. M'chaka cha 1921 anaikidwa pa mpando wa atate awo, ndipo likulu lawo linali ku Lizulu. Kuyambira pamenepo ndiyenera kuwatchula mwaulemu monga tichitira ndi Inkosi ya Makosi, imene anthu amaipatsa moni wa Bayete. M'chaka cha 1933 Boma la Nyasaland linasintha kayendetsedwe kake, nilipatsa mafumu akuluakulu mphamvu ya kuweruza milandu m'mabwalo awo ndi ya kuika malamulo ena m'madera awo. Inkosi Gomani anakhala mfumu yaikulu ya boma lathu la Ntcheu, ndipo pansi pawo panali mafumu monga a Njolomole, a Kwataine, a Champiti, a Mpando ndi a Makwangwala.

M'zaka zimenezo Inkosi anadziwika kuti ndi mfumu yokonda kutsogola kwa anthu ake. Analimbikitsa sukulu ndi ukhondo m'midzi, ndipo anali kugwirizana bwino ndi Bwana Disi. Mayi wina wophunzira wa ku Mangalande, Margaret Read, anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930 kuphunzira miyambo yawo ndi kaleredwe ka ana, ndipo zina zimene analemba m'mabuku ake anaziona m'dziko la Gomani. Motero tisaganize kuti Inkosi anali munthu wodana ndi nzeru zatsopano, kapena wokonda ndewu. Milandu ya anthu ophwanya malamulo a ulimi inali kuweruzidwa m'mabwalo a mafumu, ndipo bwalo lawo linali kugwira ntchito imeneyi monga mabwalo ena onse. Munthu akadafunsidwa m'chaka cha 1950 kuti atchule mfumu imene idzagalukira Boma, sindikhulupirira kuti akadatchula Gomani.

Tsopano ndifotokoze za nthaka, pakuti ndipo pagona nkhani. Makolo athu ambiri anali kulima matutu: anali kuunjika udzu ndi zinyalala, nazikwirira ndi dothi, nabzala pamwamba pake chimanga, nyemba ndi maungu pamodzi. Nthaka ikatopa anali kutsegula mphanje pena. Koma anthu atachuluka, malo opumitsa nthaka anachepa, ndipo minda inayamba kukwera m'mapiri. Akatswiri a zaulimi a Boma anaona kuti mvula ikagwa pamtsetse madzi amayenda pakati pa matutu, nakokolola dothi lapamwamba limene liri ndi chajira. Nzeru yawo inali yakuti anthu azilima mizere yopingasa mtsetse, kuti mzere uliwonse uzigwira madzi mpaka alowe pansi. Anafunanso kuti m'minda yotsetsereka mukumbidwe milambala ikuluikulu, kuti anthu asamalime m'mphepete mwa mitsinje, kuti minda izikonzedwa mvula isanagwe, kuti ng'ombe zizipita ku dibi kukapha nkhupakupa, ndi kuti mitengo ya m'nkhalango za Boma, monga Dzonzi ndi Mvai, isamadulidwe. Zambiri mwa zimenezi ife timaziphunzira m'kalasi lero, ndipo pa mayeso timakhoza nazo.

Cholakwika chinali njira imene nzeruzo zinafikira kwa anthu. M'chaka cha 1946 Boma linaika lamulo la kasamalidwe ka zachilengedwe, ndipo njala yaikulu ya 1949 itapita, Bwanamkubwa Geoffrey Colby, amene analamulira dziko lino kuyambira 1948 mpaka 1956, analimbitsa malamulowo kwambiri. Zimene zikadakhala uphungu zinasanduka lamulo, ndipo wolephera anali kulipira chindapusa kapena kulowa m'ndende. Nthawi zina mbewu zobzalidwa mosatsata lamulo zinali kuzulidwa. Malamulo amenewa anthu anawatcha malimidwe. Anali kupangidwa ku Zomba ndi anthu amene sanagwirepo khasu m'minda yathu, ndipo alimi eni ake panalibe wowafunsa. Kukumba milambala inali ntchito yowawa, yogwiridwa m'chilimwe nthaka iri gwa, ndipo popeza amuna ambiri anali ku Halale ndi ku Joni, ntchitoyo inagwera amayi ndi okalamba. Ndiponso mlambala wosayezedwa bwino ukaphulika, madzi onse amene unasunga amatsika nthawi imodzi, nakumba chigwembe choposa chija anthu amaopa.

Agogo anga anali mtsikana wamng'ono masiku amenewo. Iwo akumbukira kuti amayi awo, amene amuna awo anali ku ntchito ku Halale, anakumba milambala mwezi wathunthu ndi mwana kumbuyo. Kapitawo wina wa zaulimi atabwera ndi chingwe chake, ananena kuti milambalayo njokhota, ndipo anawalemba dzina. Kubwalo anawagamula kuti alipire, ndipo kuti apeze ndalamayo anagulitsa mbuzi imodzi yokha imene anali nayo. Agogo akuti kuyambira tsiku limenelo pamudzi pathu munthu wa zaulimi akaoneka, ana anali kuthamanga kukachenjeza akuluakulu monga kuti kwabwera fisi. Taonani, anzanga, munthu amene anaphunzira kuti athandize alimi anasanduka mdani wa alimi, ndipo nzeru yosunga nthaka inasanduka chizindikiro cha ukapolo.

Pa nthawi yomweyo kunabuka nkhani ya Chitaganya. Boma la ku Mangalande ndi Azungu a ku Rhodesia anafuna kuphatikiza maiko atatu, Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, pansi pa boma limodzi lokhala ku Salisbury. Anthu a kuno anakana ndi mtima wonse. Ambiri anali atagwirapo ntchito ku Southern Rhodesia, ndipo anadzionera okha mmene lamulo la 1930 linagawira malo, nthaka yabwino kwa Azungu ndi yotsala kwa eni dziko. Mantha awo anali akuti zomwezo zidzafika kuno. Chipani cha Nyasaland African Congress chinagwirizana ndi mafumu, ndipo kumayambiriro kwa 1953 mafumu ena anapita ku London kuti akadandaule kwa Mfumukazi, koma sanaloledwe kuonana nayo. Atabwerako, mafumu ndi a Congress anagwirizana kuti aleke kuthandizana ndi Boma, koma popanda ndewu. M'busa wina wa Chingerezi wa mpingo wa Anglican, Michael Scott, amene anali kale kumenyera ufulu wa anthu akuda ku South Africa ndi ku South West Africa, anabwera kudzawalimbikitsa.

Mafumu ambiri analankhula, koma woyamba kuchitapo kanthu poyera anali Inkosi Gomani. M'mwezi wa May 1953 anatulutsa chidziwitso chouza anthu a m'boma la Ntcheu kuti asamverenso malamulo a ulimi, a ziweto ndi a nkhalango. Pano pali chinthu chimene chinandizunguza mutu poyamba. Malamulo a malimidwe sanali a Chitaganya ai, anali a Boma la Nyasaland, ndipo analipo Chitaganya chisanayambe. Nanga Inkosi anasankhiranji amenewa? Mmene ndaonera ine, zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, malamulo amenewa ndiwo anali kupita kwa anthu kudzera m'manja mwa mfumu, motero ndiwo mfumu inali ndi mphamvu ya kuwaleka. Chachiwiri, kwa munthu wa kumudzi Chitaganya ndi malimidwe zinali nkhani imodzi, ndiyo ya munthu wachilendo wolamula za nthaka yako osakufunsa. Mphekesera zinali ponseponse zakuti anthu ali kukonzetsedwa minda kuti Azungu adzailande itakonzeka.

Boma linauza Inkosi kuti abweze mawu awo, koma iwo anakana. Tsono Bwanamkubwa anawaimitsa pa ufumu, nalamula kuti achotsedwe m'boma la Ntcheu. Masiku amenewo Inkosi anali wodwala kwambiri, thupi lawo linali lofooka, ndipo kuyenda kunali kowavuta. Chakumapeto kwa May apolisi anafika ku Lizulu kudzawatenga, koma anapeza khamu la anthu litazinga nyumba ya mfumu yawo. Panabuka chipwirikiti, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo m'kati mwa chisokonezocho anthu anawatulutsa Inkosi nawawolotsa malire kulowa m'dziko la Apwitikizi, pamodzi ndi mwana wawo Willard ndi m'busa Scott uja. Agogo anga akuti tsiku limenelo amayi awo anawatsekera m'nyumba, koma anamva phokoso, ndipo madzulo anaona anthu ali kubwerera maso ali psuu. Ku Chipwitikizi sanakhaleko nthawi yaitali, pakuti Apwitikizi anawagwira nawapereka m'manja mwa Angerezi. Michael Scott anathamangitsidwa m'dziko muno.

Inkosi sanabwererenso ku Lizulu ali moyo. Chifukwa cha matenda awo sanathe kuimirira pabwalo la milandu, ndipo anasungidwa ku chipatala cha Malamulo m'boma la Thyolo, kutali ndi anthu awo ndi mapiri a kwawo. Chitaganya chimene anachikana chinayamba m'chaka chomwecho cha 1953. M'miyezi ya August ndi September kunabuka zipolowe ku Thyolo ndi madera ena a kummwera, ndipo anthu 11 anaphedwa. Mafumu ena amene anatula pansi maudindo awo anabwerera pa ntchito, ndipo a Congress analeka njira ija ya kusamvera. Inkosi Philip Gomani II anamwalira ku Malamulo m'mwezi wa May 1954, ndipo mtembo wawo unabwera kudzaikidwa kwawo, pamaso pa chinamtindi cha anthu. Munthu woona ndi maso a chaka chimenecho akadati mfumuyi yataya ufumu ndi moyo pachabe, pakuti Chitaganya chinalipo ndipo malimidwe analipobe.

Koma mbewu inali itagwa kale m'nthaka. Dr. Hastings Kamuzu Banda atabwera pa 6 July 1958, anapeza anthu a m'midzi ali okonzeka, ndipo chimodzi mwa zimene zinawakonzekeretsa chinali mkwiyo wa malimidwe. Zitachitika zipolowe za 1959, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin linatchula malamulo a ulimi kuti ndi chimodzi mwa zinthu zimene anthu anali kudana nazo kwambiri. Chitatha chisankho cha 1961, kukakamiza alimi ndi chindapusa kunalekeka, ndipo alangizi anauzidwa kuti aziphunzitsa ndi kukopa anthu. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963, dziko lathu linalandira ufulu pa 6 July 1964, ndipo ufumu wa Gomani unabwerera kwa mwana wawo Willard, amene anakhala Gomani III. Chodabwitsa nchakuti mizere ija anthu anali kuikana pokakamizidwa, anadzailandira okha, kotero kuti lero nkovuta kupeza munda wa chimanga wa matutu. Mizere yomweyo timaiyesa ulimi wa makolo athu.

Tsono ndibwerere ku funso langa lija: kodi Inkosi analakwa? Sindifuna kubisa mbali imene iri yowawa. Nthaka sidziwa ndale. Milambala itagumulidwa m'munda wathu madzi sanafunse kuti mwini munda ali mbali iti, ndipo chigwembe chimene ndinachiona chija ndi mtengo umene banja lathu liri kulipirabe. Mitengo ya m'mapiri athu yatha, ndipo m'chaka cha 1918 palibe akadakhulupirira zimene zinaoneka zaka 100 pambuyo pake, m'chaka cha 2018, pamene damu la Mpira, limene limapereka madzi kwa anthu a ku Ntcheu ndi Balaka, linaphwa. Akatswiri aja sananame ponena kuti nthaka iri kupita. Komabe ine ndiona kuti mlandu waukulu uli pa amene anasandutsa nzeru kukhala chikoti. Iwo anaiwala kuti katswiri nayenso amaphonya. Lero lino alangizi ena ali kutiphunzitsa ulimi wa mtayakhasu, wosagalauza nthaka konse koma kuiphimba ndi mapesi, ndipo m'malo mwa milambala ikuluikulu amati tibzale udzu wa vetiva m'mizere yoyezedwa bwino. Ngati nzeru imasintha chotere, kunali kulakwa kutsekera munthu m'ndende chifukwa cha nzeru ya chaka chimodzi. Inkosi sanakane sayansi. Anakana kuti sayansi ilamulire anthu amene alibe mawu pa za dziko lawo.

Aphunzitsi athu a mbiri, nditawaonetsa zimene ndalembazi, anandiuza za chitaganya china chimene chinayenda njira yosiyana, ndipo ndaona kuti nkwabwino ndikuuzeniko. Ku Arabia kuli dziko lotchedwa United Arab Emirates, kumene kuli mizinda ya Abu Dhabi ndi Dubai. Dzikoli ndi chitaganya cha maufumu asanu ndi awiri. Linayamba pa 2 December 1971, Angerezi atachoka, pamene mafumu asanu ndi mmodzi anagwirizana okha, ndipo wachisanu ndi chiwiri, wa ku Ras al-Khaimah, analowa m'chaka cha 1972. Mtsogoleri wawo woyamba, Sheikh Zayed bin Sultan Al Nahyan, amene anamwalira m'chaka cha 2004, anayamba kulamulira dera la Al Ain m'chaka cha 1946, chaka chomwe chija kuno kunaikidwa lamulo la zachilengedwe. Ntchito imene anatchuka nayo kumeneko inali ya kukonzetsa ngalande zakale za makolo awo zotengera madzi ku minda ya m'chipululu. Ndalama za mafuta zitabwera, dzikolo linatsegula yunivesite yake yoyamba ku Al Ain m'chaka cha 1976, m'chaka cha 2017 linaika nduna yoona za nzeru zopangidwa ndi makompyuta, ndipo mu February 2021 chombo chawo chotchedwa Hope chinafika pozungulira dziko la Mars.

Sindinena kuti tizisirira zonse za kumeneko. Iwo ali ndi chuma cha mafuta chimene ife tiribe, ndipo mphamvu yaikulu iri m'manja mwa bwalo la mafumu asanu ndi awiri aja, osati m'manja mwa anthu wamba. Zipani za ndale kulibe, ndipo ntchito zambiri zolemetsa zimagwiridwa ndi alendo ochokera kumaiko ena. Koma pali phunziro limodzi limene ndatolapo. Chitaganya chawo chakhala zaka zoposa 50 chifukwa eni mipando anachipanga okha, pamene chathu chija, chimene chinabwera mokakamiza, chinatha zaka 10 zokha. Ndiponso za sayansi za kumeneko zimagamulidwa ndi atsogoleri a dziko lomwelo, ngakhale akatswiri ambiri amawaitana kuchokera kunja. Katswiri amalangiza, koma mwini dziko ndiye amagamula. Mwayi umenewu Inkosi Gomani sanapatsidwe. Iwo anapatsidwa ntchito ya kulanga anthu awo ndi malamulo amene sanakhale nawo powapanga.

Lero dziko lathu liri ndi mwayi umene Inkosi anaufera. Malo ofufuzira za ulimi a Chitedze, amene anatsegulidwa m'chaka cha 1948, tsopano ali m'manja mwa Amalawi. Tiri ndi sukulu ya ukachenjede ya zaulimi ku Bunda, ndi ina ya sayansi ku Thyolo imene inatsegulidwa m'chaka cha 2014, m'boma lomwe lija Inkosi anamwalirira. M'chaka cha 2003 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo la sayansi ndi luso, limene linabala bungwe la National Commission for Science and Technology, lolangiza Boma pa nkhani zimenezi. Zonsezi nzabwino. Koma tisadzinamize kuti popeza wolamula ndi Mmalawi mnzathu ndiye kuti vuto lija latha. Munthu wa ku Lilongwe angathe kukhala kutali ndi mlimi wa ku Tsangano monga momwe Mzungu wa ku Zomba analiri. Nkhani za mbewu zatsopano, za feteleza, za mankhwala ophera mbozi ndi za makala zidzafuna kugamulidwa, ndipo funso la 1953 lidzabweranso: kodi mwini munda wafunsidwa?

Ambiri a ife amene tiri kuwerenga kabuku kano tifuna kudzakhala alangizi, madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi. Tsiku lina tidzabwerera kumidzi kwathu ndi mapepala m'manja, ndipo tidzakumana ndi mayi wokalamba amene sanapite ku sukulu, koma walima munda umodzi zaka 60 ndipo adziwa pamene madzi amadzera. Tsiku limenelo tidzasankhe bwino pakati pa chingwe cha kapitawo uja ndi kukhala pansi kumva. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la nthaka yathu ndi lolemera kwambiri.

Ine ndayamba ndi munda wathu womwe uja. Ndisanabwerere kuno ku sukulu ndinapempha agogo kuti andilole kuyeza mizere itatu kumtunda kwa chigwembe ndi kubzalamo vetiva mvula ikayamba. Poyamba anakana, nati zimenezo ndi za malimidwe. Sindinalimbane nawo. Ndinawapempha kuti iwo andisonyeze pamene madzi amayambira, ndipo anandiyendetsa munda wonse, nandionetsa malo awiri amene ine ndi maphunziro anga sindikadawaona. Madzulo ake anavomera mizere iwiri, nati wachitatu tidzaona chaka chamawa. Ndinavomera, pakuti munda ndi wawo. Amene mudzapite ku Umhlangano ku Nkolimbo, mukadzamva maina a mafumu athu ali kutchulidwa, mudzakumbukire Inkosi Philip Gomani II, amene anali wodwala ndi wofooka, koma anakana kukhala chikoti chokwapulira anthu ake.

Ndatha ine mnzanu,
Wophunzira wa mu Folomu 3